Mliri Ukabuka: Momwe Mungawerengere Kufalikira kwa Matenda pa Excel

Funso lake limabwera Lolemba m'mawa, pamsonkhano wa akuluakulu a zaumoyo m'boma: "Masabata awiri akubwerawa tikhala ndi odwala angati, nanga tikonze mabedi angati?" Maso onse amapita kwa munthu wosunga manambala. Iye amatsegula laputopu, n'kuona kuti sabata yatha odwala atsopano anali 40 patsiku, sabata ino ali 70. Amawonjezera 30 kawiri, n'kuyankha kuti 130. Masabata awiriwo akatha, wodi yadzaza, ena akugona pakhonde, odwala akuyandikira 200 patsiku.

Munthuyo si waulesi ayi. Chamusokoneza n'chakuti mliri sukula ngati njerwa zosanjikiza imodziimodzi. Umaswana ngati anankafumbwe m'nkhokwe: akachuluka, amaswananso mochuluka. Tinaziona ndi maso athu pa funde lachiwiri la Covid-19. Kumayambiriro kwa Disembala 2020 odwala atsopano anali ochepa moti ambiri tinavula mamasiki. Mu Januwale 2021 masiku ena ankapitirira 1,000. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, okosijeni anasowa m'zipatala, ndipo bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala.

Malangizowa akuthandizani kupanga chiyerekezo cha masamu, chimene akatswiri amati model, cha mtundu wa SIR, chogawa anthu m'magulu atatu: oti angadwale (S), odwala (I) ndi ochira kapena omwalira (R). Simufunika digiri ya masamu. Mukufunika kudekha, makamaka pa gawo lachiwiri.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta yokhala ndi Excel. Ngati mulibe Excel, LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Google Sheets imathekanso koma imadya bandulo. Pafoni musavutike, kukoka mafomula ndi chala n'kosautsa.
- Manambala a tsiku ndi tsiku a masiku osachepera 28: odwala atsopano, oyezedwa, ogonekedwa m'chipatala ndi omwalira. Amapezeka ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, m'kaundula wa ku labotale, kapena m'malipoti a Unduna wa Zaumoyo ndi a PHIM (Public Health Institute of Malawi), nthambi ya undunawu yolondoloza miliri.
- Chiwerengero cha anthu a m'dera lanu. Kalembera wa 2018 wa NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu, anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno ndipo ali ndi manambala a boma lililonse. Anthu anali kuwonjezereka ndi 2.9 peresenti pachaka, choncho musatenge nambala ya 2018 ngati ya lero.
- Dokotala kapena namwino wa m'wodi ya odwalawo, woti muzimufunsa.
- Kope ndi cholembera. Chilichonse chimene mwangoganizira popanda umboni chizilembedwa m'menemo.
- Fulashi yosungira ntchito yanu, poti magetsi sachenjeza akamazima.

Musanayambe, chotsani mayina, manambala a foni ndi midzi ya odwala m'fayilo yanu. Kuwerengaku sikufuna dzina la munthu, ndipo fayilo ikangolowa pa WhatsApp simungayibwezenso.

## Gawo 1: Sankhani funso limodzi ndi dera limodzi

Lembani funso lanu pamwamba pa kope: "Mabedi angati m'masiku 14 akubwerawa, m'boma lino?" Basi.

Chenjezo: musaphatikize dziko lonse m'chiyerekezo chimodzi. Mliri wa ku Ndirande suyenda liwiro limodzi ndi wa ku Chitipa. Mukasakaniza, funde limene likukwera kwina limabisika ndi limene likutsika kwina.

## Gawo 2: Yeretsani manambala

Apa ndiye pagona ntchito. Mafomula amatenga ola limodzi, koma gawo ili likhoza kukudyerani tsiku lathunthu, ndipo muzilola kuti litero.

Tsegulani tsamba loyamba. Mzere 1 ukhale wa mitu. Kolamu A ikhale ya tsiku, B ya odwala atsopano amene atenga matenda m'dera momwemo, C ya amene abwera nawo kuchokera kwina, D ya oyezedwa, E ya ogonekedwa, F ya omwalira. Masiku 28 adzaza mizere 2 mpaka 29, tsiku lililonse mzere wakewake.

Onetsetsani zinthu zinayi izi.

Choyamba, kodi nambala imene mwapatsidwa ndi ya odwala atsopano a tsikulo, kapena ndi ya onse chiyambire mliri? Malipoti a tsiku ndi tsiku a Covid-19 ankakhala ndi zonse ziwiri pa tsamba limodzi. Ngati nambala sitsika ngakhale tsiku limodzi, dziwani kuti ndi ya onse pamodzi. Chotsani ya dzulo pa ya lero kuti mupeze atsopano.

Chachiwiri, alekanitseni obwera nawo matenda. Kumapeto kwa Meyi 2020 mabasi a abale athu ochokera ku South Africa ankalowa pa chipata cha Mwanza, ndipo tsiku limene zotsatira zawo zatuluka, nambala ya dziko inkadumpha ndi anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Anthu amenewo sanatengere matenda kuno. Mukawaika mu kolamu B, masamu anu akuuzani kuti matenda akuthamanga m'mudzi pamene akungotsika m'basi. Aikeni mu C. Adzalowa m'nkhani akayamba kupatsira ena, ndipo opatsiridwawo ndi amene adzaoneke mu B.

Chachitatu, tsiku lake ndi liti? Pali tsiku limene munthu anayamba kumva kudwala, tsiku limene anamuyeza, ndi tsiku limene zotsatira zinalengezedwa. Sankhani limodzi ndipo musasinthe pakati panjira. Labwino ndi loyamba kudwala, lotsatira ndi loyezedwa. Mukagwiritsa ntchito awiriwa, masiku atatu kapena anayi omalizira amaoneka otsika nthawi zonse chifukwa zotsatira zina zikadali ku labotale. Musasangalale kuti mliri ukutha. Masiku amenewo asiyeni kaye pambali.

Chachinayi, onani mmene kompyuta yawerengera madeti. Ineyo mbuna iyi ndinagwamo. Ndinalandira fayilo yolembedwa 03/04, 04/04, 05/04, kutanthauza masiku a mu Epulo, koma kompyuta yanga inawerenga mwachimereka, mwezi patsogolo. Galafu inatuluka ili ndi odwala a mu Meyi ndi Juni, miyezi isanafike n'komwe, ndipo masiku onse opitirira 12 anangokhala ngati mawu wamba, atakanirira kumanzere kwa kabokosi. Ndinazindikira usiku, lipoti nditatumiza kale. Chiyambire pamenepo ndimalemba chaka poyamba, 2021-04-03, ndipo ndimayang'ana ngati madeti onse atsamira kumanja.

Tsiku limene lipoti silinabwere musalembe 0. Siyani kabokosi kopanda kanthu, n'kulemba m'kope chifukwa chake. Ziro amatanthauza kuti anayeza koma sanapeze wodwala.

## Gawo 3: Salazani manambala ndi avereji ya masiku 7

Loweruka ndi Lamlungu anthu oyezedwa amachepa, Lolemba ndi Lachiwiri amaunjikana. Kuti mapiri ndi zigwa zabodzazi zichoke, mu kabokosi G8 lembani:

=AVERAGE(B2:B8)

Kokerani fomulayi pansi mpaka G29. Kenako mu H8 lembani:

=SUM(B2:B8)/SUM(D2:D8)

Nayonso ikokereni mpaka H29. Mukaichulukitsa ndi 100, ikukuuzani kuti mwa anthu 100 oyezedwa, ndi angati apezeka ndi matenda. Mu Meyi 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti nambalayi izikhala pansi pa 5 peresenti kwa masabata awiri dziko lisanafewetse malamulo ake.

Chenjezo: G ndi H muziziwerenga limodzi. G ikakwera H n'kutsika, mwina mwangoyeza anthu ambiri. G ikatsika H n'kukwera, zida zoyezera zikutha ndipo matenda akufalikira mobisika. Zonse ziwiri zikakwera, funde lafika.

## Gawo 4: Pezani liwiro la mliri

Tengani avereji ya tsiku lomaliza ndi ya masiku 7 m'mbuyo mwake. Mu kabokosi kopanda kanthu lembani:

=LN(G29/G22)/7

Ngati munasiya masiku atatu omalizira, gwiritsani ntchito G26 ndi G19. Yankho lake tilitchule r wamng'ono. Pa chitsanzo chathu cha 40 ndi 70, r ndi 0.08, kutanthauza kuti odwala akuwonjezereka ndi pafupifupi 8 peresenti tsiku lililonse.

Kuti mudziwe masiku amene nambala itengere kuwirikiza kawiri, lembani =LN(2)/0.08. Mupeza masiku 8.7. Pamsonkhano nambala iyi ndi imene anthu amaimva msanga: "Pasanathe masiku 9 odwala akhala atawirikiza."

Tsopano yankho la funso la Lolemba lija: =70*EXP(0.08*14). Likutuluka pafupifupi 215, osati 130. Ngakhale mutalekera pomwepa, mwachita kale chinthu chothandiza. Koma fomula imeneyi imaganiza kuti anthu oti adwale sadzatha, choncho musaigwiritse ntchito kupitirira masabata awiri.

r akatuluka ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, mliri ukutsika. Ngati odwala ali ochepera 10 patsiku, r amadumphadumpha kwambiri. Zikatero yerekezani masabata awiriawiri, ndipo mugawe ndi 14.

## Gawo 5: Pezani Rt

Rt ndi chiwerengero cha anthu amene wodwala mmodzi akuwapatsira matenda panopa. Ikaposa 1 mliri ukukula, ikachepera 1 ukuzilala. Covid-19 yoyambirira, pakati pa anthu opanda chitetezo chilichonse, inali pakati pa 2 ndi 3. Chikuku chimafika 12 mpaka 18, n'chifukwa chake sichichedwa kumaliza sukulu yonse ya ana osabayitsa katemera.

Mukufunika D, masiku amene munthu amakhala akupatsira ena. Afunseni adokotala, ndipo muwafunse bwino. Si masiku amene munthu amagona m'chipatala, komanso si masiku 14 odzipatula aja. Pa chitsanzo chathu titenga 7.

Rt = 1 + r × D = 1 + 0.08 × 7 = 1.56

Chenjezo: D mwangomuyerekeza, ndiye mulembeni m'kope. Mukaika 5, Rt ndi 1.4. Mukaika 10, ndi 1.8. Musanene pagulu kuti "Rt ndi 1.56" ngati mwaiyeza pasikelo. Nenani kuti ili pakati pa 1.4 ndi 1.8.

## Gawo 6: Ganizirani odwala amene sanayezedwe

Gawo ili ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limagwetsa ziyerekezo zambiri kuno kwathu. Amene amalowa m'kaundula ndi amene anafika kuchipatala n'kupeza zida zoyezera zilipo. Wina anangomva kuphwanya m'thupi, n'kugula panado pa okala, n'kufukiza bulugamu, masiku atatu wadzuka. Ameneyo m'kaundula mulibe, koma anapatsira a m'nyumba mwake.

Kusiyana kwake si kwakung'ono. Pakati pa 2020, odwala olembedwa m'dziko lonse akadali masauzande ochepa, kafukufuku wa magazi a ogwira ntchito zachipatala mu Blantyre anapeza kuti pafupifupi 12 mwa 100 alionse anali atakumana kale ndi kachilomboka. Pofika pakati pa 2021, magazi a anthu opereka magazi m'mizinda yathu anaonetsa kuti oposa theka anali atadwalapo. Komatu mliri wonse, olembedwa m'kaundula wa dziko sanafike 100,000.

Choncho sankhani nambala yochulukitsira: pa wodwala mmodzi wolembedwa, alipo angati enieni? Yambani ndi 10, mudzayesanso ina pa gawo 9. Yerekezaninso kuti ndi anthu angati m'dera lanu amene ali kale ndi chitetezo, kaya chifukwa anadwalapo kapena anabayitsa katemera. Osawerenga munthu mmodzi kawiri.

## Gawo 7: Mangani chiyerekezo cha SIR

Anthu onse a m'dera tiwagawa m'magulu atatu. S ndi amene angathe kutenga matenda. I ndi amene akudwala ndipo akupatsira ena. R ndi amene achoka m'mpikisano, ochira ndi omwalira omwe. R uyu ndi gulu la anthu, musamusokoneze ndi Rt wa pa gawo 5. Tsiku lililonse ena amachoka mu S kupita mu I, ena mu I kupita mu R.

Tsegulani tsamba lachiwiri. Mu kolamu A lembani mayina, mu B manambala. Manambala awa ndi a boma longoyerekeza, inu muike anu:

- B1, anthu onse: 500000
- B2, D: 7
- B3, Rt: =1+0.08*B2
- B4, amene ali kale ndi chitetezo: 100000
- B5, avereji ya odwala olembedwa: 70
- B6, nambala yochulukitsira: 10
- B7, amene akudwala lero: =B5*B6*B2/B3
- B8, amene angathe kudwala: =B1-B4-B7
- B9, gamma, liwiro la kuchira: =1/B2
- B10, beta, liwiro la kupatsirana: =B3*B9*B1/B8
- B11, kuchepetsa kupatsirana: 0

B7 ituluke pafupifupi 3,141 ndipo B10 ituluke 0.28. Beta ameneyu ndi chilembo chabe cha masamu, alibe ubale ndi mtundu wa kachilombo wa Beta umene unatisautsa mu Januwale 2021.

Pa mzere 13 lembani mitu: Tsiku, S, I, R, Atsopano, Ochira, Onse, Olembedwa. Mzere 14 ndi wa lero:

- A14: 0
- B14: =B8
- C14: =B7
- D14: =B4
- E14: =$B$10*(1-$B$11)*B14*C14/$B$1
- F14: =$B$9*C14
- G14: =B14+C14+D14
- H14: =E14/$B$6

Mzere 15 ndi wa mawa:

- A15: =A14+1
- B15: =B14-E14
- C15: =C14+E14-F14
- D15: =D14+F14

Koperani E14 mpaka H14 kuziika pa mzere 15. Kenako sankhani mzere 15 wonse, kuyambira A mpaka H, n'kuukokera pansi mpaka mzere 194. Amenewo ndi masiku 180.

Chenjezo lalikulu: zizindikiro za $ zija si zokongoletsa. Zimakhomerera fomula pa kabokosi kamodzi. Mukaziiwala, pokoka fomula imatsetsereka n'kuyamba kuwerenga mabokosi olakwika, ndipo mumaona #DIV/0! kapena manambala osadziwika mutu wake.

Yesani ntchito yanu ndi mayeso awiri. H14 ikhale 70, nambala imene munayambira. Kolamu G ikhale 500,000 kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa m'chiyerekezochi munthu sasowa, amangosamuka gulu. Ikasintha ngakhale ndi munthu mmodzi, pali fomula yolakwika, ndipo musapitirire musanaipeze.

Zonse zikakhala bwino, jambulani galafu ya mizere ya kolamu C ndi H. Pa chitsanzo chathu, tsiku la 14 olembedwa ali pang'ono pansi pa 200. Odwala nthawi imodzi akufika pachimake pakati pa tsiku la 45 ndi la 50, ali pafupifupi 33,000, kenako akuyamba kutsika. Taonani kolamu B pa tsiku limenelo: anthu oposa 250,000 sanadwalebe. Mliri sutsika chifukwa aliyense wadwala. Umatsika chifukwa wodwala akatsokomola, ambiri mwa amene ali naye pafupi amakhala oti anachira kale, ndiye sakwanitsanso kupatsira munthu mmodzi wathunthu.

## Gawo 8: Chiyeseni ndi zimene zinachitika kale

Musanakhulupirire chiyerekezo chanu pa za mawa, chifunseni za dzulo. Bwererani masiku 14 m'mbuyo pa tsamba loyamba, werengani r wa nthawi imeneyo, ikani r ameneyo mu fomula ya B3 ndi avereji ya tsikulo mu B5 pa tsamba lachiwiri, ndipo muone ngati kolamu H ikufanana ndi zimene zinachitikadi. Kuti muthe kutero bwinobwino mufunika manambala a masiku 28 aja osadukiza.

Zikasiyana pang'ono, monga 10 kapena 20 mwa 100, zili bwino. Zikasiyana ndi theka, musathamangire kusintha beta mpaka mizere ikumane. Fufuzani kaye chimene chinachitika m'deralo. Kodi sukulu zinatsekedwa? Kunali maliro aakulu kapena misonkhano ya ndale? Labotale inasowa zipangizo? Alangizi a zaumoyo a m'midzi amadziwa zinthu zimenezi kuposa kompyuta, aimbireni foni. Mu 2020 funde loyamba linakwera mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chisanu, ya obwerera kuchokera ku South Africa, komanso ya misonkhano yokopa anthu pa chisankho cha pa 23 Juni. Zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo fomula payokha singakuuzeni kuti chachikulu chinali chiti.

## Gawo 9: Funsani kuti "bwanji titati…"

Phindu lenileni la chiyerekezo lili pano. Mu B11 lembani 0.2, kutanthauza kuti mamasiki, kuchepetsa anthu pa maliro, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'maminibasi zachepetsa kupatsirana ndi 20 peresenti. Yang'anani galafu. Chimake chija chatsika kuchoka pa 33,000 kufika pafupifupi 12,000. Kuchepetsa gawo limodzi mwa magawo asanu kwadula chimake ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Ine nambala imeneyi ndimafuna mfumu iliyonse ndi mtsogoleri aliyense wa mpingo ataiona, chifukwa anthu amagwa ulesi poganiza kuti ngati sangatseke zonse ndiye palibe chimene angachite.

Kuti mliri uyambe kutsika lero lomwe, pafunika =1-1/B3, imene pa chitsanzo chathu ndi 36 peresenti.

Chenjezo: poyesa zimenezi sinthani B11 yokha. Mukasintha B3, nambala ya odwala a lero mu B7 imasinthanso, ndiye mukhala mukuyerekeza miliri iwiri yosiyana.

Bwezerani B11 pa 0, ndipo muyese kukayikira kwanu. Mu B6 ikani 30 m'malo mwa 10. Olembedwa a tsiku la 14 atsika kufika cha m'ma 150, ndipo chimake chifulumira ndi pafupifupi masabata awiri. Yesaninso D wa 5 ndi wa 10. Lembani yankho lotsikitsitsa, lapakati ndi lokwera kwambiri. Atatuwo pamodzi ndiwo yankho lanu.

## Gawo 10: Sandutsani odwala kukhala mabedi

Pa tsamba loyamba, phatikizani ogonekedwa a masiku 14 omalizira, n'kugawa ndi odwala olembedwa a masiku 14 amene anayamba sabata imodzi m'mbuyo mwake. Timabwerera m'mbuyo chifukwa munthu amayamba wadwalira kunyumba asanafike pofuna bedi. Kenako afunseni anamwino kuti wodwala amakhala masiku angati m'wodi.

Tinene kuti mwapeza 8 mwa 100, ndipo amakhala masiku 6. Odwala 200 patsiku akupatsani ogonekedwa 16 patsiku. Kuchulukitsa ndi 6, mabedi ndi 96. Pokonza mabedi tengani yankho lokwera, chifukwa bedi lotsala silipha munthu.

Musalekere pa mabedi. Funsani kuti mwa ogonekedwawo ndi angati amafuna okosijeni, ndipo silinda imodzi imatha maola angati pa wodwala mmodzi. Mu Januwale 2021 chimene chinkasowa kwambiri sichinali chitsulo cha bedi, koma mpweya, timageji ta pa silinda, ndi anamwino amene nawonso anali akudwala.

## Gawo 11: Lembani tsamba limodzi, ndipo mubwereze sabata iliyonse

Lipoti lanu likhale ndi tsiku limene mwawerengera, masiku owirikiza kawiri, Rt kuyambira potsika mpaka pokwera, mabedi a masiku 14 m'mayankho atatu aja, galafu imodzi, ndi zonse zimene munalemba m'kope kuti n'zongoganizira. Lolemba lotsatira ikani manambala atsopano n'kuyambiranso pa gawo 3. Fayilo ya sabata yatha musaifufute, isungeni ndi deti lake kuti muziona pamene munaphonya.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kutenga chiyerekezo ngati ulosi. Mu Epulo 2020, boma polengeza zoti anthu akhale m'nyumba kwa masiku 21, linachenjeza kuti anthu ofika 50,000 akhoza kufa. Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo pa 17 Epulo, ndipo omwalira olembedwa mliri wonse sanafike 3,000. Ambiri anati akatswiri ananama. Koma nambala yotere imayankha funso lakuti "bwanji patapanda kusintha chilichonse", ndipo zinthu zimasintha: sukulu zinali zitatsekedwa kale mu Malichi, anthu anayamba kusamala. Mbali inayi, ambiri omwalirira kumudzi sanayezedwe, choncho nambala yolembedwayo nayonso ndi yoperewera. Mukamapereka nambala yanu, nenani mawu akuti "ngati" mokweza kuposa nambalayo.

Kubwereka manambala a ku Ulaya osawasintha. Ku Italy pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Kuno pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18. Covid-19 inkapha kwambiri okalamba, ndiye mukatenga chiwerengero cha imfa cha kumeneko n'kuchiika pa boma lanu, mutulutsa maliro amene sadzachitika. Gwiritsani ntchito za m'wodi mwanu, ngakhale zikhale zochepa.

Kuiwala kuti kachilombo kamasintha. Beta wa pa B10 si wamuyaya. Delta itafika pakati pa 2021, ndi Omicron mu Disembala chaka chomwecho, liwiro linasintha. Omicron inkagwiranso amene anadwalapo ndi obayitsa katemera, kutanthauza kuti ambiri a mu R anabwerera mu S. Mukamva za mtundu watsopano, tsitsani B4 ndipo muwerengenso r.

Kuika obayitsa katemera mu R tsiku lomwelo. Chitetezo chimatenga pafupifupi masabata awiri kuti chikhwime, ndipo si onse amatetezeka kotheratu. Katemera wa AstraZeneca atayamba kuperekedwa kuno mu Malichi 2021, ankafunika kubaya kawiri.

Kuyang'ana imfa pofuna kudziwa ngati malamulo akugwira ntchito. Omwalira lero anatenga matenda masabata atatu kapena anayi apitawo. Imfa zimapitiriza kukwera pamene odwala atsopano ayamba kale kutsika. Yang'anani G ndi H za pa tsamba loyamba.

Kukhulupirira galafu mpaka tsiku la 180. Masiku 14 oyambirira ndi okonzera mabedi. Otsalawo ndi oonera mawonekedwe a funde ndi kuyerekeza njira zosiyanasiyana, osati olengezera tsiku limene mliri udzathe.

Kugwiritsa ntchito SIR pa matenda alionse. Chiyerekezochi n'cha matenda opatsirana munthu ndi munthu, monga Covid-19, chimfine ndi chikuku. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 ankayenda kwambiri ndi madzi. Chitsime chimodzi choipitsidwa chimadwalitsa mudzi wonse ngakhale odwalawo asanaonane, ndipo mvula ikagwa liwiro limasintha usiku umodzi. Malungo nawo amadutsa mwa udzudzu. Pa matenda amenewa magawo 1 mpaka 4 ndi gawo 10 akuthandizanibe, koma tebulo la pa gawo 7 lifunika gulu lina loimira madzi kapena udzudzu, ndipo pamenepo pitani ndi fayilo yanu yoyeretsedwa kwa akatswiri a ku PHIM kapena a ku Kamuzu University of Health Sciences mukamange nawo limodzi.